MALO A ANA KUSERI KWA NYUMBA

Cikumbe wanzeru akamanga pakhomo pace amaganizira cinthu ciri conse. Nkhokwe iri ndi malo ace, khola la mbuzi liri ndi malo ace, nkhunda ziri ndi nyumba yao pamwamba pa mitengo, ngakhale mbale ndi mapoto ziri ndi thandala. Koma pa makomo ambiri ana okha ndiwo alibe malo. Akasewera pakhonde awathamangitsa kuti ali kudetsa pamene amai azira kumene. Akayandikira kumoto awakalipira. Akalowa m'dimba awanena kuti ali kuponda mbeu. Potsiriza anawo angocoka, napita kumseu, kudambo kapena kumaenje a njerwa, kumene kulibe wamkulu wowayang'anira.

Phunziro ili lifotokoza m'mene banja lingakonzere kamalo kuseri kwa nyumba, kumene ana angasewere popanda ngozi, ndiponso kumene angaphunzire za mitengo, mbeu, mbalame ndi tizilombo pogwira ndi manja ao. Nchitoyi siifuna ndalama. Ifuna khasu, nkhwangwa, masiku awiri kapena atatu, ndi kumvana kwa bambo ndi mai.

CIFUKWA CACE MALOWA AFUNIKA

Cifukwa coyamba ndi moyo wa mwana. Ana a kumidzi amene akodza magazi anatenga nthendayo posamba ndi kusewera m'madzi oima a m'madambo, m'madamu ndi m'mitsinje yoyenda pang'ono-pang'ono. Nthenda imeneyi ndiyo likodzo. Tizilombo tace tikhala m'nkhono zazing'ono za m'madzi, ndipo tilowa m'thupi pobowola khungu. Dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ndiye anapeza tizilomboti m'caka ca 1851 ali pa nchito ku Cairo. Mankhwala a likodzo alipo kucipatala, koma mwana wocira akabwerera kumadzi omwewo adwalanso. Kuletsa ndi pakamwa pokha sikukwanira, pakuti mwana apita kumene kuli comsangalatsa. Pakhomo pakakhala cosangalatsa, maulendo a kudambo acepa okha.

Cifukwa caciwiri ndi kukula kwa thupi ndi nzeru. Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linalangiza m'caka ca 2019 kuti mwana wa caka 1 kufikira zaka 4 azikhala ali kuyenda, kuthamanga ndi kusewera kwa maora 3 pa tsiku. Mwana amene angokhala kumsana kapena pamphasa tsiku lonse sakwanitsa zimenezi. Pokwera, pokumba, poumba ndi pofunsa mafunso m'pamene miyendo, zala ndi mutu wa mwana zikhwima.

Cifukwa cacitatu ndi ulimi womwe. Kale mwana anali kudziwa maina a mitengo ndi makhalidwe a mbalame pobusa mbuzi ndi potsata agogo ace kuthengo. Lero m'madera ambiri thengo lapita kutali kaamba ka minda, nkhuni ndi makala, ndipo ana akhala kusukulu nthawi yaikulu ya tsiku. Cotero mwana angathe kufika zaka 12 asanaone m'mene nshawa iloweramo m'nthaka. Akulu anati m'mera mpoyamba. Munthu amene anakonda nthaka ali wamng'ono sabvuta kumphunzitsa malimidwe abwino atakula.

KUSANKHA MALO

Malowa safunika kukula. Mamita 6 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi akwanira ana a banja limodzi pamodzi ndi anzao. Posankha, makolo ayang'ane zinthu izi:

1. Malowo aoneke bwino kucokera pamene amai aphikira kapena kusinja, kuti diso la wamkulu lizifikapo nthawi zonse.

2. Akhale patali ndi moto, citsime, cimbudzi, dzala, khola ndi njira yopitamo ngolo za ng'ombe.

3. Akhale pokwera pang'ono, kuti madzi a mvula asaimepo, ndiponso kuti madzi ocokera kukhola kapena kucimbudzi asadutsepo.

4. Asakhale pansi pa mtengo wa nthambi zouma, kapena pafupi ndi culu ca mauna, pakuti m'mauna otere mubisala njoka.

5. Asakhale pamene panaswedwapo mabatire akale a galimoto kapena a sola. M'mabatire otere muli mtobvu, umene uononga ubongo wa mwana pang'ono-pang'ono osaonetsa cizindikiro msanga. Kuopsya kwa mtobvu kwaoneka ku Kabwe, kumene mgodi wace unatsekedwa m'caka ca 1994, koma ana ambiri apezekabe ndi mtobvu m'magazi cifukwa cosewera m'fumbi la kumeneko.

KUCOTSA ZOOPSYA

Malo akasankhidwa, bambo alambule ndi kutola magalasi osweka, misomali, zitini zadzimbiri, mawaya ndi ziputu zosongoka. Atatero ayang'ane zomera, pakuti zina zimene anthu azizolowera pamudzi ziri zoopsya kwa ana.

Nkhadze icita mpanda wolimba, koma utomoni wace woyera ukalowa m'diso uwawa koopsya ndipo ungathe kuononga disolo. Njere za nsatsi ziri ndi mawanga okongola, ndipo ana akonda kuzitola, koma mwana akatafuna zowerengeka cabe angadwale kwambiri, ngakhale kufa. Njere za jatropha, zimene ana aziyesa nshawa, zisanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Zipatso zosapsya za lantana nazonso nzoipa. Citedze aliyense acidziwa kuyabwa kwace. Zonsezi zizulidwe pamalopo ndi m'mbali mwace, koma ana okulirapo aonetsedwe zomerazo ndi kuuzidwa maina ace, kuti akazipeza kwina azidziwe.

Coopsya cina ndi mankhwala a m'munda. Ciyambire kumapeto kwa caka ca 2016, pamene mbozi zoononga cimanga zochedwa nchemberezandonda zinalowa m'Zambia, nyumba zambiri zisunga mankhwala opopera. Mankhwala amenewa, pamodzi ndi a thonje, a makoswe ndi osungira cimanga m'matumba, akhale pamwamba potsekedwa. Botolo lace lotha lisapatsidwe kwa mwana kuti aseweretse kapena kutungira madzi, ngakhale litatsukidwa. Ndiponso mankhwala asathiridwe m'botolo la zakumwa, cifukwa mwana sawerenga zolembedwa. Angoona botolo limene alizolowera.

MPANDA

Mpanda wa malowa nchito yace si kutsekera ana, koma kuletsa ziweto. Nkhumba ndi agalu zikagona pafumbi louma zisiyapo matekenya, amene alowa m'zala za kumapazi. Pamene pali cimbudzi ca anthu kapena ca agalu pakhala mazira ndi ana a njoka za m'mimba, ndipo zina zilowera kumapazi opanda nsapato, nizimwa magazi a mwana kufikira atayezuka. Pali nchenche inanso imene iikira mazira pamcenga wonunkha mkodzo ndi pa zobvala zoyanikidwa pansi, ndipo ndiyo ibala mphutsi za pakhungu. Mpanda wabwino ndi ukhondo zicepetsa zonsezi.

Mapesi, bango, udzu kapena nsungwi zikwanira, ndipo msinkhu wa mita imodzi uli bwino, kuti wamkulu aziona m'kati ali panja. Pakhale citseko cotsekeka. Waya waminga asagwiritsidwe nchito. Mvula ikayamba, m'mbali mwa mpandawo mubzalidwe nthambi za mabulosi ndi za cammwamba, zimene ziphuka mosabvuta, pamodzi ndi nandolo. Mapesi akadzaola, mpanda wamoyo udzakhala utakula, ndipo udzapatsa zipatso ndi ndiwo.

MTHUNZI NDI MITENGO

M'miyezi ya September, October ndi November palibe mwana angakhale pamalo opanda mthunzi. Ngati pakhomo pali kale mtengo wa mango, msikidzi kapena kacere, malo a ana akhale pamenepo. Ngati palibe, bambo amange kacisakasa ka mitengo inai, ndipo m'mbali mwace abzale zoyanga monga mphonda, zinkhupule kapena magalagadeya. M'miyezi yocepa denga lidzakhala la masamba, ndipo ana adzaona okha m'mene zoyanga zigwirira mtengo ndi timanja tace.

Mwana aliyense apatsidwe mtengo wace-wace woti abzale ndi kuthirira. Dzenje likumbidwe masentimita 60 m'lifupi ndi 60 kuya. Dothi lapamwamba liikidwe padera, lisakanizidwe ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa oola bwino, ndipo libwezeredwe m'dzenjemo poyamba. Nthawi yabwino yobzala ndi pamene mvula yakhazikika. M'Zambia tsiku lobzala mitengo ndi 15 December. Papaya abala pakatha pafupi-fupi caka cimodzi, cotero ayenera mwana wosacedwa kutaya mtima. Gwafa atenga zaka 2 kapena 3. Mango wolumikiza abala pakatha zaka 3 kapena 4, pamene womera ku njere acedwerapo; ndipo popeza akula kwambiri, abzalidwe mamita 10 kucokera kunyumba.

Mitengo ya m'thengo isaiwalike. Matowo, nthudza, maye ndi masuku ndizo zipatso zimene makolo anakulira. Njere za masuku zifesedwe zikali zaziwisi, pakuti zikauma sizimera. Masau ndi msangu ziri ndi minga, cotero zisakhale pamalo osewerera. Koma ana atengedwe kumunda kukaona msangu, mtengo wodabwitsa umene uyoyola masamba nthawi ya dzinja ndi kuphuka nthawi ya cirimwe. Ndico cifukwa cace cimanga cikula bwino pansi pace: mthunzi sucitsekereza, ndipo masamba ogwa asanduka manyowa.

Katungwe amangidwe pa nthambi yamoyo yonenepa, ndi cingwe colimba, pafupi ndi pansi kuti mapazi a mwana azifika. Pansi pace pasakhale miyala kapena mizu yoturuka. Bambo ayang'ane cingweco sabata iri yonse, makamaka m'dzinja pamene zingwe ziola msanga. Cipika cacikulu cogona pansi cikhala poyendapo, pokhalapo, ndiponso ngolo kapena basi monga ana afunira.

MCENGA, DOTHI NDI MADZI

Pa ngodya ina pathiridwe ngolo imodzi ya mcenga wa kumtsinje, wochingidwa ndi zipika zinai. Mcengawo uyanikidwe padzuwa masiku angapo usanaseweredwe, ndipo madzulo ali onse ubvundikiridwe ndi mphasa yakale kuti amphaka ndi nkhuku zisaipitsepo. Ana aang'ono atengeredwe kucimbudzi kapena pa phale lao, asakodze pamcenga. Pafupi pace pakhale mulu wa dothi la kuculu kapena la kudambo loumbira ng'ombe, timiphika ndi tinyumba. Ana okulirapo akumbe maenje a nsolo pamalo ouma, ndi kusunga timiyala ta ciyato m'cikho. Zitsononkho, zikho, nthenga, makoko a malambe ndi timitengo ndizo zidole zokwanira. Timiyala ndi njere zazing'ono zisafike kwa khanda, cifukwa aika ciri conse m'kamwa, m'mphuno kapena m'khutu.

Madzi ndiwo asangalatsa ana koposa, koma ndiwonso afuna cenjezo lalikulu. Mwana wokwawa angathe kumira m'ndowa ya madzi ocepa, mwakacetecete, m'kanthawi kocepa kotero kuti amai angotembenuka kukabvundula nsima. Cotero pamalopo pasakumbidwe dziwe. Madzi osewerera akhale m'beseni losaya, wamkulu ali pomwepo, ndipo masewero akatha athiridwe pa mitengo ya ana. Citsime ca pakhomo cikhale ndi cibvundikiro colemera, ndipo migolo ya madzi ikhale yotseka.

Pali cifukwa cinanso cotayira madzi tsiku ndi tsiku. M'caka ca 1897 dokotala wa ku Britain, Ronald Ross, anatsimikiza kuti malungo afala ndi udzudzu. Udzudzu uikira mazira m'madzi oima, ndipo nthawi yotentha pangopita masiku monga 10 kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka. Maenje otsala poumba njerwa kapena pokumba dothi lozirira akwiriridwe. Matayala akale ndi abwino kulumphapo, koma abooledwe pansi kapena adzazidwe ndi dothi kuti asasunge madzi a mvula. Dzuwa likalowa ana alowe m'nyumba, ndipo agone m'neti.

KADIMBA KA MWANA

Pano m'pamene pali mtima wa phunziroli. Mwana wa zaka 4 kapena 5 angathe kusamala kabedi ka mita imodzi m'lifupi ndi mamita 2 m'litali. Apatsidwe kakhasu kopepuka ndi kacitini kobooka pansi kothiririra. Mbeu zace zikhale zosapaka mankhwala. Mbeu za m'sitolo zopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira ziri ndi mankhwala, ndipo siziyenera kugwiridwa ndi ana.

Nyemba ndizo zoyambira, cifukwa zimera pasanathe sabata imodzi ndipo mwana aona msanga phindu la nchito yace. Zikayamba maluwa, bambo azule cimodzi mosamala ndi kutsuka mizu yace. Pa mizupo padzaoneka timatenda tozungulira. Si nthenda ai. M'timatendamo mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene titenga cakudya ca mbeu mu mpweya ndi kuciika m'nthaka. Mwana amene waona zimenezi adzamvetsa cifukwa cace alangizi anena kuti cimanga cizisinthana munda ndi nyemba, soya kapena nshawa.

Nshawa nayo iri ndi phunziro lace. Pakatha mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono ituluka maluwa acikasu pamwamba, ndipo duwa likafota pamera kamcira kamene kaloza pansi ndi kulowa m'nthaka. Kumapeto kwace ndiko kukhala nshawa. Cigawo ca Kum'mawa cidziwika ndi mbeu imeneyi, ndipo mwana wa kumeneko ayenera kuiona ndi maso ace. Maungu ali ndi maluwa a mitundu iwiri: lacimuna liri pa kaphesi kowonda, lacikazi liri ndi kadzungu kakang'ono pansi pace. Njuci ndizo zinyamula ufa wacikasu kucokera ku duwa lina kupita ku linzace, ndipo popanda izo kadzunguko kangofota ndi kugwa. Mpendadzuwa usanamasule utembenuza mutu kutsata dzuwa kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Bonongwe athyoledwa pakatha masabata 3 kapena 4 okha. Mbatata yofiira m'kati, imene ena ati kandolo, ipatsa vitamini A wothandiza maso.

Ana a sukulu ayese cinthu ici: agawe kabedi pawiri, mbali ina athire manyowa, mbali ina asathire, ndipo abzale mbeu imodzi-modzi tsiku limodzi. Sabata iri yonse apime msinkhu wa mbeuzo ndi kamtengo, nalembe. Umu ndimo akatswiri a ku Msekera, pafupi ndi Chipata, ayesera mbeu ndi feteleza m'minda yao yofufuzira: kulinganiza zinthu ziwiri zosiyana pa cinthu cimodzi cokha.

Zokolola za m'kadimbaka nza mwana. Amai aziphike ndi kunena pamaso pa onse kuti ndiwo za lero zacokera m'dimba la uje. Mbeu zikafa cifukwa mwana anaiwala kuthirira, asamenyedwe. Kufota kwa mbeuzo kwamphunzitsa kale. Apatsidwe zina abzalenso.

ALENDO A PAMALOPO

Pamene pali mitengo, maluwa ndi cinyezi pabwera zamoyo zambiri popanda woziitana. Phale la madzi likapacikidwa pa mtengo, patali ndi amphaka, ndi kusinthidwa madzi tsiku ndi tsiku, apumbwa, atimba, njiwa ndi mpheta zidzafika, makamaka m'cirimwe. Ana aphunzire kukhala cete ndi kuyang'ana: iyi idya ciani, imanga cisa cotani, irira bwanji. Pamalopa malegeni asaloledwe, ndipo zisa zisapasulidwe, pakuti mbalame zambiri zidyetsa ana ao mbozi ndi ziwala zimene zikadaononga mbeu. Kadzidzi anthu ambiri amuopa, koma cikumbe adziwe kuti cakudya cace cacikulu ndi makoswe ndi mbewa, adani a nkhokwe.

Zina zimene anthu azipha popanda cifukwa ziri abwenzi a mlimi. Cule adya tizilombo usiku wonse. Birimankhwe alibe ululu uli wonse, ndipo adya nchenche ndi ziwala. Ciswamphika agwira tizilombo ta pa masamba. Nyongolotsi zibowola nthaka kuti madzi ndi mpweya zilowe. Bongololo adya zinyalala zoola, ndipo akakhudzidwa angodzipinda. Koma womgwira asambe m'manja asanagwire m'maso.

Ngati pakhomo pali mtengo wa mandimu kapena wa malalanje, ana afune pa masamba anthete kambozi kooneka ngati zitosi za mbalame. Kakakula kasanduka kobiriwira. Akaike m'cikho cobvundikira ndi kansaru, ndi kukapatsa masamba atsopano a mtengo womwewo tsiku ndi tsiku. Kadzaleka kudya, kadzauma ngati kafa, ndipo patapita masabata awiri kapena atatu mudzaturuka gulugufe wakuda wa mawanga acikasu, amene ayenera kumasulidwa. Apa mwana aphunzira kuti dzira, mbozi ndi gulugufe ndi camoyo cimodzi. Nchemberezandonda nayo iyenda njira yomweyi m'masiku monga 30 nthawi yotentha, ndipo mwana wozolowera kuyang'ana pansi pa masamba adzathandiza atate ace kupeza mazira ace m'cimanga asanaswe.

Koma ana adziwenso zosagwira: cinkhanira, namkalizi, mabvu, linthumbu ndi mbozi zaubweya. Lamulo likhale lakuti mwala kapena cipika citembenuzidwe ndi ndodo, osati ndi dzanja, ndipo dzanja lisapisidwe m'una.

ZA NJOKA

Makolo ena adzati kubzala zomera pafupi ndi nyumba nkuitana njoka. Mau amenewa ali ndi nzeru, pakuti mwambo wosesa bwalo kuti likhale mbee unayamba pofuna kuona njoka ndi kuchinga moto wolusa. Mwambowo usatayidwe. Kuzungulira mpanda wa ana kukhale kanjira kolambula ndi kosesa ka mamita 2, pamene mkukuluzi wa njoka uoneka m'mawa. Udzu wa m'kati ukhale waufupi. Milu ya njerwa, miyala, nkhuni ndi mapesi ikhale kutali, pakuti m'menemo mubisala makoswe, ndipo njoka zitsata makoswe. Wamkulu ayendere malowo m'mawa ana asanalowe, makamaka poyamba mvula.

Ana aphunzitsidwe kuti akaona njoka abwerere m'mbuyo pang'ono-pang'ono ndi kuitana wamkulu. Mphiri siithawa; igona duu, ndipo iluma woiponda. Mwana akalumidwa agonekedwe, asayende, ndipo anyamulidwe kupita kucipatala msanga. Pa bala pasatemedwe mphini, pasayamwidwe, ndipo mwendo kapena mkono usamangidwe kolimba ndi cingwe, cifukwa kutero kuononga ciwalo. Njoka yolabvula ikamlabvulira m'maso, atsukidwe ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, kenaka apite naye kucipatala.

MBALI YA AKULU

Malowa ndi a masewero, si munda wa ganyu. Makolo asalamulire ciri conse, ndipo asadandaule ndi matope pa zobvala; matope acoka ndi madzi. Cofunika ndi cakuti ana asambe m'manja ndi sopo asanadye, ndipo mapazi ao ayang'anidwe madzulo. Atsikana apatsidwe nthawi yosewera mofanana ndi anyamata, asangokhala olera makanda ndi otunga madzi. Mwana wolumala akonzeredwe njira yosalala ndi pokhala pamthunzi, kuti akhale pamodzi ndi anzace. Ndipo mwana wa zaka 6 asasiyiridwe khanda kuti aliyang'anire yekha.

Agogo ali ndi nchito yaikulu pamenepa. Iwo ndiwo adziwa maina a zomera, mtengo wa mipini, mtengo wa luzi, ndi zizindikiro za kubwera kwa mvula. Mpando wao ukaikidwa pamthunzi wa malowa, nzeru zimenezo zidzapeza wozilandira. Mwana akafunsa cinthu cimene akulu saciziwa, funsolo lipite kwa mlangizi wa zamalimidwe kapena kwa aphunzitsi. M'masukulu ambiri muli magulu a Chongololo, amene bungwe losamala nyama ndi cilengedwe m'Zambia linayambitsa m'caka ca 1972, ndipo mwana wozolowera kuyang'ana zamoyo kwao adzapeza anzace kumeneko.

Pamene nyumba ziri zothithikana, mabanja atatu kapena anai angapemphe malo amodzi kwa a nyakwawa, nagwirizane za kasinthana poyang'anira ana.

NCHITO MONGA MWA NYENGO

May kufikira July: kusankha malo, kulambula, kudula udzu ndi mapesi, ndi kumanga mpanda zokolola zitatha.

August kufikira October: kututa mcenga mitsinje iri youma, kumanga cisakasa, kukumba maenje a mitengo, kupacika phale la mbalame, ndi kulambula kanjira kochinga moto.

November kufikira January: kubzala mitengo, mpanda wamoyo ndi kadimba; kukwirira maenje onse osunga madzi.

February kufikira April: kudula udzu kawiri-kawiri, kuyang'ana zingwe za katungwe, kukolola, ndi kusankha mbeu zosunga za caka ca mawa pamodzi ndi ana.

Banja limene silingathe zonse caka cino liyambe ndi zitatu: mpanda, mulu wa mcenga, ndi mtengo umodzi wa mwana aliyense. Zina zidzaonjezedwa caka ndi caka monga ana akula. Cikumbe amene apatula malo a nkhuku ndi mbuzi zace sangalephere kupatula mamita owerengeka a ana amene adzalima mundawo iye atakalamba.